Logo ndi ma PDF akuwonongeka tikapanga pull, ndi Git kapena ndi ife?

Uthenga uwu wachokera ku Harare, ndipo ndi wa vuto la Git, pulogalamu yosunga mafayilo a khodi ndi mbiri ya kusintha kwawo. Ndaudula pang'ono chabe, zina zonse ndi mmene anaulembera mwini wake:

"Achimwene moni. Ndine mtsikana wa ku Mufakose, makolo ndi a ku Dedza koma ine ndinabadwira konkuno. Ine ndi mnzanga tikupanga webusayiti ya kasukulu kena ka pulayiveti, khodi timasunga pa GitHub. Ine ndili pa Ubuntu, mnzangayo ali pa Windows. Iyeyo akapanga add Git imangomulembera kuti 'LF will be replaced by CRLF', zinamutopetsa nde anapeza mzere wina wakuti * text eol=lf nkuwuika mu .gitattributes, kenako git add . ndi push. Mawa lake ine nditapanga pull logo ya sukulu siikutseguka, fomu ya PDF pa foni ina ikutseguka pa ina ayi, fayilo ya Excel ya mafizi ikukana. Pa seva chimodzimodzi. Koma chodabwitsa pa laputopu yake zonse zili bwinobwino. Ahedi akufuna zonse zithe temu isanatsegulidwe. Kodi ndi vayirasi? Kapena tingofufuta repo yonse tiyambirenso?"

Achemwali, mtima pansi. Si vayirasi, ndipo repo, nkhokwe imene Git imasungamo mafayilo anu ndi mbiri yawo, musafufute, chifukwa mankhwala ake ali momwemo mu mbiri ya repo yomweyo. Vuto ili ndalionapo kambirimbiri pa matimu ang'onoang'ono amene wina ali pa Windows wina pa Linux, ndipo nthawi zambiri zinthu zimabwerera zonse bola munthu asapupulume. Musanawerenge zambiri imbirani mnzanuyo pompano mumuuze kuti asapange pull (kukoka zosintha kuchokera pa GitHub), asasinthe branch, asapange reset, angotenga foda yonse ya pulojekiti aikopere pa flash kapena malo ena pa kompyuta yomweyo. Kukopa wamba, osati kudzera mu Git. Chifukwa chake ndi chomwe chakudabwitsanicho. Munthu akapanga git add, Git imasintha zimene ikusunga mkati mwake koma fayilo imene ili mu foda yake siyiikhudza, nde pa laputopu yake pakadali mafayilo oyambirira enieni, pamene inu ndi seva munalandira osinthidwawo. Tsiku limene Git idzalembenso mafayilo amenewo pa laputopu yake, makope abwinowo apita.

Tsopano chimene chinachitika. Mu fayilo ya malemba, kumapeto kwa mzere uliwonse kumakhala chizindikiro chosaoneka chouza kompyuta kuti mzere wathera apa. Linux ndi macOS zimaika bayiti imodzi, nambala 10, imene timaitchula LF. Windows imaika awiri, 13 kenako 10, ndiye CRLF imeneyo. Zinachokera ku makina akale olembera mauthenga, amene ankafuna kuuzidwa kawiri, kubweza mutu wolembera kumayambiriro kwa mzere, kenako kukweza pepala. Windows inasunga mwambo umenewo, Unix, kumene Linux ndi macOS zinatengera mwambo wawo, inati imodzi yakwana. Nde anthu awiri akamalemba khodi imodzi pa makina osiyana, fayilo imatha kuoneka ngati yasintha mizere yonse pamene palibe anasintha chilembo ngakhale chimodzi, ndipo Git inapatsidwa luso lomasulira pakati pa ziwirizi kuti anthu asamakangane pa zinthu zosaoneka. Pa HTML, CSS, PHP ndi zotere kumasulira kumeneku nkwabwino ndithu.

Koma chithunzi, PDF, xlsx, font, mp3, mulibe mizere. Muli mabayiti okhaokha, ndipo 13 ndi 10 mmenemo ndi manambala ngati ena onse, mwina ndi mtundu wa kadontho kena pa chithunzi, mwina ndi kutalika kwa chigawo chotsatira. Mukachotsa 13 mmodzi zonse zakutsogolo zimasuntha malo. Zili ngati nambala ya foni, mukachotsamo digit imodzi simupeza munthu wapafupi ndi amene mumamufuna, foni siilowa basi.

Chimene ndikufuna mumvetse bwino ndi ichi, chifukwa anthu ambiri amaimba mlandu Git molakwika. Git ikasiyidwa kuti idziganizire yokha, imayamba yaisuzumira fayilo isanaisinthe. Ikapezamo bayiti ya zero, kapena 13 amene ali yekha popanda 10 pambuyo pake, kapena zizindikiro zosawerengeka zochuluka kuposa pafupifupi chimodzi pa zilembo 128 zowerengeka, imati iyi ndi binary, kutanthauza kuti si ya malemba, nkuisiya osaikhudza. PNG, JPG, ZIP, zonsezi zimagwidwa ndi mayeso amenewa mosavuta. Ndi chifukwa chake anthu ambirimbiri a pa Windows amagwira ntchito ndi core.autocrlf=true, setting yomasulira mapeto a mizere imene pulogalamu yoikira Git for Windows imasankhiratu, zithunzi zawo osawonongeka. Mzere umene mnzanu anaika uja mu .gitattributes, fayilo ya malamulo ouza Git mmene itengere mafayilo, ndi umene unazimitsa mayeso amenewo. Nyenyezi ija ikutanthauza fayilo iliyonse, ndipo mawu akuti text opanda =auto akutanthauza kuti usafunse, usasuzumire, iyi ndi ya malemba. Git inamvera. Mu mafayilo amene git add . inawatenga, inangoyamba kuchotsa 13 paliponse pamene anatsogolera 10. Kusiyana kwa mzere wowononga ndi mzere wabwino ndi zilembo zisanu zokha, =auto, ndipo zimandiwawa kuti mzere wolakwikawu umayendabe mmanja mwa ophunzira ngati malangizo abwino.

Mwina mukudabwa kuti bwanji ena anawonongeka ena ayi, ndipo bwanji PDF ikutseguka pa foni ina. PNG iliyonse imayamba ndi mabayiti 8 awa, mu hex: 89 50 4E 47 0D 0A 1A 0A. Onani 0D 0A pakatipo, ndi 0A wina yekha kumapeto. Anthu amene anakonza PNG mzaka za m'ma 1990 anaziika dala kuti fayilo ikadutsa mu chinthu chosintha mizere izidziwika nthawi yomweyo, kaya yasinthidwa kupita uku kapena uko, moti libpng, khodi imene mapulogalamu ambiri amawerengera PNG, ili ndi uthenga wake wa vuto lomweli, "PNG file corrupted by ASCII conversion". Nde logo yanu inalibe pothawira, PNG iliyonse imene inadutsa pa mzere uja inafa, ngakhale kakang'ono bwanji. Mukalemba xxd logo.png | head -1 pa Ubuntu wanuyo muona ndi maso kuti pambuyo pa 47 pakubwera 0a, 0d wa pamenepo palibe.

Mafayilo ena ndi nkhani ya mwayi. Mu data yopanikizidwa mabayiti amakhala ngati osakanikirana mwachisawawa, ndipo mwayi woti 13 ndi 10 zikumane pa malo amodzi ndi umodzi pa 65,536. Fayilo ya 1 MB ndiye kuti imakhala ndi malo otere pafupifupi 16, pamene kafayilo ka 20 KB kakhoza kupulumuka osakhudzidwa nkomwe. Xlsx ndi docx mkati mwake ndi ZIP, ndipo ZIP imasunga CRC-32, nambala yotsimikizira kuti data sinasinthe, ya chilichonse chili mkatimo komanso malo enieni pamene chikuyambira, nde bayiti imodzi ikasowa pulogalamu imakana kapena imati ndiyese kukonza. PDF nayo ili ndi tebulo kumapeto lonena kuti chinthu chakuti chili pa bayiti ya nambala yakuti. Zikasuntha, mapulogalamu ena amafufuza okha nkulimanganso tebulolo mwakachetechete, ena amangoti fayilo yawonongeka. Ndi chifukwa chake foni ina ikutsegula. Musakhulupirire zimenezo, PDF imeneyo ndi yodwala, ndipo kholo limene foni yake ikukana silidzakuimbirani, lidzangoti sukulu imeneyi ndi yosalongosoka.

Tisanakonze tiyambe taona kuti matenda ali pati, mu repo kapena mu foda yokha, chifukwa makonzedwe ake ndi osiyana ndipo mukawasokoneza mumawonjezera vuto. Lembani git log --stat -- images/logo.png, kapena njira iliyonse imene logo yanu ili. Pa commit ya mnzanu ija, kutanthauza gulu la zosintha limene anasunga tsiku lija, muona mzere wonga Bin 48213 -> 48211 bytes, manambala anu adzakhala ena koma chizindikiro ndi chomwecho, fayilo yachepa ndi mabayiti ochepa chabe pa tsiku limene palibe anakonza logo. Mukaona zimenezo dziwani kuti chowonongeka chinalowa mu repo. Kenako git show --stat ndi nambala ya commit imeneyo, ikupatsani mndandanda wonse wa mafayilo amene anakhudzidwa, ndipo ndikukutsimikizirani kuti mupezamo ena amene simunawazindikire, ma font a woff2, favicon, zithunzi za ana pa tsiku la masewero zimene palibe watsegula sabata ino. Alembeni onse amene pali mawu akuti Bin. Ma command ena awiri othandiza ndi git check-attr -a logo.png, imene imakuuzani malamulo amene Git ikugwiritsa pa fayilo imeneyo, ndi git ls-files --eol, imene inabwera mu Git 2.8 mu 2016. Iyi imaonetsa fayilo iliyonse ndi mmene ilili mu index (malo amene Git imaika mafayilo mukapanga add), mmene ilili mu foda, ndi lamulo lake. Mukaona fayilo yolembedwa i/-text koma kumapeto kuli attr/text eol=lf, ndiye kuti Git ikudziwa yokha kuti ndi binary koma yakakamizidwa kuitenga ngati malemba.

Kukonza kumayambira pa .gitattributes, osati pa mafayilo. Mukabweza logo yabwino mzere woipa ukadalipo, git add . yotsatira idzaidulanso. Ine pa webusayiti ngati yanuyi ndimalemba chonchi:

* text=auto
*.sh text eol=lf
*.bat text eol=crlf
*.png binary
*.jpg binary
*.jpeg binary
*.gif binary
*.ico binary
*.pdf binary
*.xlsx binary
*.docx binary
*.zip binary
*.woff binary
*.woff2 binary
*.ttf binary
*.mp3 binary
*.sqlite binary

Mzere woyamba ukuti ganiza wekha, ukaona kuti ndi malemba sunga ndi LF. Mawu akuti binary ndi chidule cha zinthu zitatu, -text, -diff ndi -merge, kutanthauza kuti usasinthe mizere, usayese kuonetsa kusiyana mzere ndi mzere, ndipo anthu awiri akasintha fayilo imodzi usayese kuphatikiza. Dongosolo la mizere ndi lofunika, mizere iwiri ikakhudza fayilo imodzi wapansi ndi umene umapambana, nde wa nyenyezi uja uzikhala pamwamba nthawi zonse. Wina angafunse kuti ngati text=auto imazindikira yokha, mndandanda wonsewu ndi wa chiyani. Ndi chifukwa kuzindikira kuja ndi kungoyerekeza. Alipo ma PDF ena osapanikizidwa amene ndi zilembo zowerengeka zokhazokha kuyambira pamwamba mpaka pansi, Git imawatenga ngati malemba nkuwasintha, tebulo lija nkusokonekera. Fayilo imene mukudziwa kuti ndi binary ilembeni, musasiyire makina kuti aganize. SVG musaiike pa mndandandawu, imeneyo ndi malemba enieni. Za .sh ndaziika chifukwa script ikafika pa seva ya Linux ili ndi CRLF imakana ndi uthenga wakuti bad interpreter wokhala ndi ^M, ndipo .bat ya Windows imayenda bwino ndi CRLF.

Pangani commit ya .gitattributes payokha. Kenako pa fayilo iliyonse ya pa mndandanda wanu uja lembani git checkout, nambala ya commit yomaliza vuto lisanabwere, mizere iwiri yopingasa, ndi dzina la fayilo, monga git checkout a1b2c3d -- images/logo.png. Ngati mumakonda git restore, imene inabwera mu 2.23, git restore --source=a1b2c3d images/logo.png imabwezanso fayilo mu foda, kungoti muyenera kupanga add pambuyo pake. Tsegulani iliyonse muione ndi maso musanapange commit. Ndipo musalembenso mbiri ya repo. Anthu ena akaona commit yoipa amafuna kuichotseratu ndi force push, push yokakamiza imene imalemba pamwamba pa mbiri ya pa GitHub, kuti pasaoneke manyazi, koma palibe phindu, commit yokonza pamwamba yakwana, pamene force push pa repo ya anthu awiri imabweretsa mavuto ena amene simunali nawo.

Pali msampha umodzi umene ndikufuna ndiufotokoze ngakhale suli pa vuto lanu lenileni, chifukwa mudzakumana nawo kapena mnzanu wina adzakumana nawo. Tiyerekeze mzere woipa unali * text eol=crlf, kapena * text yokha pa kompyuta ya Windows. Pamenepo kuwononga kumachitikanso potulutsa, Git imaika 13 patsogolo pa 10 aliyense amene ali yekha ikamalemba fayilo mu foda, ndipo 10 amapezeka kamodzi pa mabayiti 256 aliwonse, nde fayilo ya 1 MB imalandira mabayiti owonjezera pafupifupi 4,000. Zikhoza kutheka kuti mu repo fayilo ndi yabwino, yodwala ndi ya mu foda yokha. Munthu amawerenga malangizo, amaika *.png binary, kenako amathamangira git add --renormalize . imene inabwera mu 2.16 ndipo imalimbikitsidwa paliponse. Chimene wachita ndi kutenga fayilo yodwala ya mu foda nkuilowetsa mu repo ndendende mmene ilili, popeza tsopano wauza Git kuti isasinthe kanthu. Wawononga ndi manja ake kope limene linali labwino. Choyenera ndi kufufuta fayilo ya mu foda nkuitulutsanso ndi git checkout -- dzina lake, kuitsegula, kenako ndiye renormalize ya mafayilo a malemba. Kuti mudziwe ngati za mu foda ndi za mu repo zikufanana, yerekezani zotuluka pa git hash-object --no-filters logo.png ndi pa git rev-parse HEAD:logo.png. Zikafanana ndiye kuti ndi bayiti pa bayiti. Kwa inu pa laputopu ya mnzanu manambala awiriwa asiyana, ndipo yabwino ndi ya mu foda.

Tsopano mbali yowawa. Fayilo imene inalowa mu repo koyamba mzere woipa uli kale, mu mbiri mulibe kope lake labwino. Ndipo kusintha kwa CRLF kupita ku LF sikubwezeka mwa kungotembenuza, chifukwa pambuyo pake ma 10 onse amaoneka ofanana, simungadziwe kuti ndi ati anali ndi 13 patsogolo ndi ati anali okha kuyambira kale. Musayese unix2dos pa chithunzi, imeneyo ingoika 13 paliponse ngati muikakamiza. Apa ndi pamene foda ya pa flash ija ikugwira ntchito. Ngati mulibemo, bwererani kumene fayilo inachokera, kwa amene anajambula logo, mu imelo ya ahedi, mu kompyuta ya ku ofesi ya sukulu. Mukapempha pa WhatsApp auzeni atumize ngati document, chifukwa akatumiza ngati chithunzi wamba chimafika chitachepetsedwa ndipo logo ya PNG imataya kuonekera kwa kumbuyo kwake. Ndikudziwa data ndi yodula ndipo kukwera kombi kuchoka ku Mufakose kukatenga fayilo imodzi kumaoneka ngati kutaya nthawi, komabe ndi kwachangu kuposa kukhala usiku wonse ndi hex editor magetsi atazima batire ikutha.

Nanga chenjezo limene linayambitsa zonsezi? Limachokera ku core.safecrlf, imene mwachibadwa imakhala pa warn. Likungonena kuti fayilo iyi ili ndi LF mu foda yanu, koma Git ikadzailembanso idzakhala ndi CRLF. Pa fayilo ya khodi palibe choopsa, mnzanu akanangolisiya. Lofunika kuliwerenga bwino ndi pamene dzina lotchulidwa mu chenjezolo ndi la chithunzi kapena PDF, apo imani pomwepo musapange commit. Ndikukhulupirira kuti tsiku lija Git inamuchenjeza za logo.png, koma munthu amene waona machenjezo ofanana kwa miyezi sawerenganso. Mukafuna kuti Git izikaniratu kusintha kosabwezeka, ikani git config core.safecrlf true, idzaima ndi mawu akuti fatal mmalo mongochenjeza. Imatopetsa pang'ono pa mafayilo a mizere yosakanikirana, koma pa timu ya anthu ophunzira ine ndimaikonda.

Za core.autocrlf maganizo anga ndi awa. Ili ndi zosankha zitatu, true, input ndi false, ndipo imakhala pa kompyuta ya munthu aliyense payekha, siyenda ndi repo. Lero muli awiri mutha kugwirizana pa foni, mawa mwatenga mnyamata wa attachment wabwera ndi laputopu yake yoikidwa mwina, mwayambiranso. .gitattributes imayenda ndi repo ndipo pa mafayilo amene yawatchula imaposa zimene munthu anaika pa makina ake, nde lamulo lizikhala mmenemo. Ngati mnzanu akufuna kuti ngakhale pa Windows mafayilo a khodi azikhala ndi LF, zimene ndi zomveka popeza VS Code ilibe nazo vuto ndipo ngakhale Notepad inayamba kuwerenga LF bwino kuyambira 2018, mzere woyenera ndi * text=auto eol=lf. Koma onani kaye git --version paliponse pamene repo imatulutsidwa, makamaka pa seva. Git yakale kuposa 2.10, ya mu 2016, inkati ikaona eol inkaiwala auto ija nkutenga fayilo iliyonse ngati malemba, ndipo maseva ena otchipa a shared hosting amasunga mapulogalamu akale kwambiri. Ichi ndi chifukwa china cholembera mndandanda wa binary uja, umakutetezani ngakhale pa Git yakale. Mukafuna kudziwa kumene setting inachokera, git config --show-origin core.autocrlf ikuuzani fayilo yake. Ndipo ngati check-attr ikuonetsa lamulo limene simukuliona mu .gitattributes yanu, suzumirani mu .git/info/attributes ndi mu mafoda a mkati, chifukwa mutha kukhala ma .gitattributes ena mmenemo ndipo amaposa wa pamwamba.

Kanthu kena kamene kamagwira anthu ndi zilembo zazikulu. Makamera ambiri amatchula zithunzi ndi .JPG, ndipo pa Linux *.jpg siigwira dzina lothera ndi .JPG, pamene pa Windows imagwira. Onjezerani mzere wa zilembo zazikulu kapena lembani *.[jJ][pP][gG] binary. Mafayilo a UTF-16, monga .reg ndi ena amene mapulogalamu a Windows amatulutsa, ndi malemba kwa munthu koma Git imawaona ngati binary chifukwa cha ma zero ali mkatimo, ndipo zili bwino choncho. Mukawakakamiza kukhala text, Git nkuwatulutsa ndi CRLF, amasanduka zilembo zachilendo kuyambira pa mzere wachiwiri. Ngati mukufunadi kuona diff yake pali working-tree-encoding kuyambira Git 2.18, koma pa webusayiti ya sukulu sindikuona kuti mungaifune.

Muuzenso mnzanuyo za PowerShell. Akafuna kutulutsa fayilo yakale ndi git cat-file blob kapena git show nkuilozera mu fayilo ndi chizindikiro cha >, Windows PowerShell 5.1, imene imabwera ndi Windows, imatenga zotulukazo ngati malemba nkuzilemba mwa UTF-16, chithunzi nkufanso kachiwiri, iye nkumaganiza kuti ngakhale commit yakale ndi yowonongeka. Achite zimenezo mu Git Bash, kapena angogwiritsa git checkout monga ndanenera.

Ndipo mukakonza zonse koma pa seva logo ikukanabe, funsani kuti mafayilo amafika bwanji kumeneko. Ambiri kuno timakwezabe ndi FTP, ndipo FTP ili ndi matenda omwewa kuyambira kalekale Git isanabadwe mu 2005. Transfer type ikakhala pa ASCII imasintha mizere mu chilichonse chodutsa. Mu FileZilla ikani pa Binary. Njira yotsimikizira ndi hash, sha256sum logo.png pa Ubuntu ndi pa seva, certutil -hashfile logo.png SHA256 pa Windows, manambala atatuwo afanane. Akafanana koma browser ikuonetsabe chithunzi chothyoka, ndi cache chabe, kope lakale limene browser inasunga, yesani pa foni imene sinatsegulepo webusayitiyo.

Git LFS, chida chowonjezera pa Git, mudzamva anthu akuitchula ngati yankho. Ndi zoona kuti git lfs track imalemba yokha -text pa mtundu wa fayilo umene mwaiuza, nde imatetezadi, koma ntchito yake yeniyeni ndi mafayilo akuluakulu, mavidiyo ndi mafayilo a Photoshop, poti GitHub imachenjeza fayilo ikapitirira 50 MB ndipo imakana ikapitirira 100 MB. Pa logo ndi mafomu ndi katundu wosafunika, ndipo seva ikakhala ilibe LFS mudzapeza timafayilo ta mizere itatu ya malemba mmalo mwa zithunzi. Kunena zoona fayilo ya mafizi ija ndiye ikundidetsa nkhawa kwambiri kuposa logo. Ngati muli mayina a ana ndi zimene makolo alipira, siyoyenera kukhala mu repo ya webusayiti nkomwe, makamaka ngati repo ili public kapena foda yonse imakwezedwa pa seva pamene aliyense wodziwa dzina la fayilo akhoza kuitsitsa. Kambiranani ndi ahedi za zimenezo sabata yomweyino.

Pofunika kuitana munthu wodziwa kwambiri ndi apa. Ngati fayilo yowonongeka ndi database, monga SQLite, ndipo pulogalamu yakhala ikulembamo chiwonongekereni, imitsani pulogalamuyo, kopani fayilo, musayese kukonza nokha. Ngati ndi chikalata cha ndalama kapena PDF yosainidwa pa kompyuta ndipo choyambirira chasowa kotheratu, musapereke kwa aliyense kope limene pulogalamu yati yakonza musanapeze wina woti aliyerekeze ndi mapepala kapena marisiti, chifukwa Excel ikati yakonza nthawi zina imatanthauza kuti yataya zimene yalephera kuwerenga. PNG kapena ZIP yofunika kwambiri imene ilibe kope kwina kulikonse nthawi zina imabwezeka, poti muli ma CRC-32 amene katswiri angagwiritse ntchito poyesa malo amene 13 anachotsedwa mpaka nambala itagwirizana, koma ndi ntchito ya munthu wodziwa kapangidwe ka fayilo ndipo imakula msanga malo owonongeka akachuluka. Komanso ngati mafayilo a mafizi aja analowa mu repo ya public, kuwachotsa mu mbiri ndi nkhani ina imene imafunadi kulembanso mbiri ndi chida ngati git filter-repo, ndipo imeneyo musaiyambe nokha usiku, pezani wina amene anachitapo akhale pambali panu.

Mukamaliza kubweza mafayilo, yesani komaliza motere. Pangani git clone yatsopano mu foda ina yopanda kanthu, inu pa Ubuntu, mnzanu pa Windows, nonse mulembe git status. Iyenera kunena kuti palibe chosintha. Ikaonetsa fayilo ngati modified musanaikhudze, ndiye kuti pali lamulo limene likulimbanabe ndi zimene zili mu repo, nditumizireni zotuluka pa git ls-files --eol za fayilo imeneyo pamodzi ndi .gitattributes yanu yonse tione limodzi. Flash ija musaifufute mpaka temu itatsegulidwa ndipo makolo atatsitsa fomu popanda dandaulo.